Mwini nthaka ndani? Zimene nsalu ya ku Bayeux sinapete

Mu Julayi 2025, pulezidenti wa France Emmanuel Macron ali pa ulendo ku Britain, maboma awiriwa analengeza kuti nsalu yotchuka ya ku Bayeux, yosonyeza mmene William wa ku Normandy anagonjetsera England mu 1066, ibwerekedwa ku British Museum mu mzinda wa London, kuti anthu aziiona kumeneko kuyambira Seputembala 2026 mpaka Julayi 2027. Ku France si onse anailandira nkhaniyi ndi manja awiri. Anthu zikwizikwi anasayina chikalata chopempha kuti nsaluyo isasunthidwe, ati yakalamba kwambiri, ili ndi ziboo ndi malo ong'ambika, ndipo kugwedezeka kwa pa ulendo kungaimalize. Ku England ena anakondwa, nati nsalu ikubwerera kwawo, poti akatswiri ambiri amakhulupirira kuti inapetedwa komweko, mwina ku Canterbury, polamulidwa ndi Bishopu Odo. Odoyo anali m'bale wake wa William amene anagonjetsa England, mayi mmodzi koma bambo osiyana.

Nsaluyi ndi yaitali pafupifupi mamita 70, ndipo zithunzi zake zinapetedwa ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa. Anthu amakonda kukangana ngati munthu wogwira muvi pankhope uja alidi Harold, mfumu ya England imene William anaigonjetsa. Ine chimene chimandigwira mtima ndi kachithunzi kena kamene kali nkhondo ya pa Hastings isanayambe: amuna awiri akuyatsa nyumba, mayi akutuluka atagwira mwana padzanja. Dzina la mayiyo silinalembedwe. Kuchokera apo ndi akavalo ndi malupanga mpaka madzulo a pa 14 Okutobala 1066 pamene Angelezi akuthawa, kenako nsalu imaduka. Zimene zinagwera anthu onga mayi uja m'zaka 20 zotsatira muyenera kukazifuna m'mabuku a amonke ndi m'kaundula wa mfumu, ndipo m'zaka zimenezo ndi momwe England inasinthiradi.

Za 1066 ndingodutsamo. Mfumu Edward ya England inamwalira kumayambiriro kwa Januwale yopanda mwana, ndipo akuluakulu a dziko analonga ufumu mlamu wake, Harold Godwinson, mawa lake lomwe. William, wolamulira Normandy kutsidya kwa nyanja, anati Edward anamulonjeza mpandowo kalekale, ndiponso Harold analumbira atagwira mafupa a oyera mtima kuti adzamuthandiza kuutenga. Nkhani ya lumbiroli imamveka kwambiri kwa alembi a ku Normandy, makamaka William wa ku Poitiers amene anali wansembe wa William yemweyo, ndiye ndi mboni ya mbali imodzi. Eadmer, mmonke wa Chingelezi wa ku Canterbury amene analemba patapita zaka zambiri, sakana kuti lumbiro linalipo, koma akuti Harold anapita ku Normandy kukawombola abale ake amene ankasungidwa ngati chikole, ndipo analumbira atapanikizidwa. Harold anagonjetsa mfumu ya Norway pa Stamford Bridge pa 25 Seputembala, William anakocheza ku Pevensey patangopita masiku atatu, ndipo pa Hastings Harold anafa pamodzi ndi abale ake awiri. Tsiku la Khirisimasi William anavekedwa chisoti ku Westminster.

Lumbiro lija silinali nkhani yongokometsera nkhondo. Linali maziko a mlandu wonse wa malo. Ngati William anali wolowa m'malo woyenera wa Edward, ndiye kuti Harold sanakhalepo mfumu, ndipo aliyense amene anamenya nkhondo kumbali yake anali woukira, malo ake oyenera kulandidwa. Amene sanapite ku nkhondo nawonso sanapulumuke mwaulere. Buku la mbiri limene amonke a Chingelezi ankalemba chaka ndi chaka, lotchedwa Anglo-Saxon Chronicle, limati anthu anapereka msonkho ndi chikole, kenako anagula malo awo omwe. Munthu akagula kwa mfumu munda umene makolo ake analima, wavomereza kuti mundawo unali m'manja mwa mfumu.

Komabe zaka ziwiri zoyamba sizinkaonetsa kuti zinthu zifika pamene zinafika. William analembera anthu a ku London kalata m'Chingelezi chakale, imene ikusungidwa mpaka lero, yowatsimikizira kuti malamulo a m'masiku a Edward akhalabe, ndipo mwana aliyense adzalowa chuma cha bambo ake. Nduna zazikulu za Chingelezi monga Edwin, Morcar ndi Waltheof zinasiyidwa pa maudindo. England inali itagonjetsedwapo kale mu 1016 ndi Cnut wa ku Denmark, ndipo nthawi imeneyo ngakhale akuluakulu ena anaphedwa, eni malo ambiri m'midzi anakhalabe pamalo pawo. Mwina ambiri ankayembekeza zomwezo. Koma William anabwera ndi anthu zikwi zingapo amene anawoloka nyanja atalonjezedwa malo, ndipo anthuwo ankakhala pakati pa mtundu umene sunkawafuna. Choncho anamanga malinga, chulu chachikulu cha dothi ndi nsanja ya mitengo pamwamba, pakati penipeni pa mizinda. Kaundula wa malo amene mfumu inalembetsa mu 1086 amati ku Lincoln nyumba 166 zinagumulidwa kuti linga lipeze malo, ku Shrewsbury 51, ku Cambridge 27.

Chingwe chinadukira kumpoto. Kumapeto kwa Januwale 1069, Robert de Comines, amene William anamutumiza kukalamulira Northumbria, analowa mu Durham ndi asilikali mazana angapo ngakhale bishopu wa mzindawo anamuchenjeza. M'mamawa anthu a m'deralo anathyola zipata, anapha asilikaliwo m'misewu, ndipo nyumba imene Robert anabisalamo anaiyatsa. York nayo inauka. William anathamangira kumeneko nakamanga linga lachiwiri, koma mu Seputembala zombo zoposa 200 zochokera ku Denmark zinalowa mu mtsinje wa Humber ndi kugwirizana ndi Edgar, mnyamata wa m'banja lachifumu lakale, pamodzi ndi Waltheof ndi nduna za kumpoto. Asilikali a William mu York anayatsa nyumba zoyandikana ndi malinga awo kuti adani asazigwiritse ntchito, moto unafalikira mpaka tchalitchi chachikulu chinapsa, ndipo patapita masiku awiri malinga onse awiri anagwa. Ichi chinali chiopsezo chachikulu kuposa china chilichonse chichokereni pa Hastings.

William anawapatsa ndalama a ku Denmark kuti achoke. Anaitanitsa chisoti chake chachifumu kuchokera ku Winchester nachivala pa Khirisimasi m'mabwinja a York. Kenako anagawa asilikali m'magulu nawatumiza m'midzi. Orderic Vitalis, mmonke wolemba mbiri, akuti mfumu inalamula kuti mbewu, ziweto, zipangizo zolimira ndi chakudya cha mtundu uliwonse ziunjikidwe pamodzi ndi kutenthedwa, ndipo njala imene inatsatira inapha anthu oposa 100,000. Mmonke wa ku Worcester analemba kuti anthu anadya akavalo, agalu, amphaka, mpaka nyama ya anthu anzawo. Wa ku Durham akuti mitembo inkawolera m'nyumba ndi m'misewu popanda woika, ndipo pakati pa York ndi Durham panalibe mudzi wokhala anthu kwa zaka 9. Koma umboni umene umandikhudza kwambiri ndi wa ku Evesham, kutali kumwera. Kumeneko othawa njala ankafika ali mafupa okhaokha n'kugona m'manda a tchalitchi ndi m'makonde. Mkulu wa amonke, Æthelwig, ankawapatsa chakudya, koma ambiri ankafa atangodya chifukwa mimba zawo zinali zitaiwala chakudya, ndipo tsiku ndi tsiku amonke ankaika maliro asanu kapena asanu ndi limodzi. Amene anaonapo chaka cha njala akudziwa kuti zimenezi munthu sangazipeke.

Mboni zimenezi ziyenera kuyezedwa. Onsewa analemba patapita zaka makumi angapo, ndipo 100,000 m'kalembedwe ka nthawi imeneyo kawirikawiri ankangotanthauza khamu losawerengeka. Buku la William wa ku Poitiers, limene likanatiuza mbali ya mfumu, linaduka pa 1067 ndipo mapeto ake anatayika. Kaundula wa 1086 amasonyeza midzi yambirimbiri ya ku Yorkshire ndi liwu la Chilatini lakuti wasta, kutanthauza bwinja, koma akatswiri ena amati liwulo nthawi zina linkangotanthauza malo osapereka msonkho, kapena malo amene alembi sanapeze chowalembera. Amakumbutsanso kuti a ku Denmark ndi a ku Scotland nawo anafunkha dera lomwelo, ndipo gulu la nkhondo silingatenthe mudzi uliwonse m'miyezi itatu ya chisanu. Mfundo zimenezi ndi zomveka. Koma sipafunika kutentha mudzi uliwonse. Mukatentha nkhokwe, kupha ng'ombe zolimira ndi kuwononga mbewu yodzala, njala imamaliza yokha, ndipo imayenda kupitirira pamene asilikali anafika. Komanso Orderic sanali mdani wa William. Mayi ake anali Mngelezi, bambo ake a ku France, ndipo anakhala mmonke ku Normandy kuyambira ali ndi zaka 10. Iye yemwe akuti anamuyamikira William pa zambiri, koma pa ichi sakanatha, ndipo Mulungu sadzachisiya chosalangidwa.

Itatha nyengo yachisanu imeneyo William analeka kuyesa kulamulira kudzera mwa Angelezi. Mu 1070 Stigand anachotsedwa pa udindo wa bishopu wamkulu wa Canterbury ndipo Lanfranc, wobadwira ku Italy, analowa m'malo. Makalata a mfumu anasiya Chingelezi n'kuyamba Chilatini. Edwin anaphedwa ndi anthu ake omwe, Morcar anagwidwa ku Ely mu 1071 nakhala m'ndende, ndipo Waltheof anadulidwa mutu ku Winchester mu 1076. Pofika 1086, mwa eni malo akuluakulu olandira malo mwachindunji kwa mfumu, Angelezi odziwika anatsala awiri okha, Thurkill wa ku Arden ndi Colswein wa ku Lincoln. Mfumu ndi banja lake inali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma cha nthaka, mpingo gawo limodzi mwa anayi, ndipo pafupifupi theka linali m'manja mwa alendo osakwana 200. Robert wa ku Mortain, m'bale wina wa mfumu, yekha anali ndi minda ikuluikulu pafupifupi 800. Eni ake akale zikwi zingapo anafa, anathawa (ena anakafika mpaka ku Constantinople kukalowa usilikali), kapena anatsika n'kukhala alendi. Ku Marsh Gibbon, m'chigawo cha Buckinghamshire, kaundula amatchula munthu wina dzina lake Ailric. Malowo anali ake m'masiku a Edward, koma tsopano ankawachita lendi kwa William fitz Ansculf, ndipo mlembi, amene ntchito yake inali manambala basi, anawonjezera mawu awiri osonyeza kuti ankawagwira molemedwa ndi momvetsa chisoni.

Sikuti England isanagonjetsedwe kunalibe ambuye ndi anthu awo. Analipo, ndipo usilikali unkayenderana ndi malo. Ku Berkshire mwambo unali woti malo okwana ma hide asanu azitumiza msilikali mmodzi, hide kukhala muyeso wa malo amene kale ankati angadyetse banja limodzi. Koma zingwe zinali zambiri ndiponso zosamangidwa pamodzi. Munthu ankatha kudzipereka kwa mbuye wina, kuzengedwa milandu m'bwalo la wina, malo ali akeake. Panali malo a chikalata amene mwini wake ankatha kugulitsa kapena kugawira ana ndi tchalitchi mmene wafunira, ndipo kaundula amanena za anthu ambiri kuti ankatha kupita ndi malo awo kwa mbuye aliyense. Ku Yorkshire kunali mayi wotchedwa Asa amene mboni zinati malo ake anali osiyana ndi a mwamuna wake ngakhale ali pabanja, ndipo banja litatha anachoka nawo onse. Pofika 1086 malowo anali m'manja mwa mlendo.

Pansi pa William zingwe zonsezi zinapotedwa kukhala chimodzi. Malo onse ankachokera kwa mfumu. Nduna inkawagwira kwa mfumu posinthana ndi asilikali apakavalo, ndipo iyo inkagawira anthu ake pa mgwirizano womwewo. Nyumba ya amonke ya Peterborough inkayenera kupereka asilikali 60, ya Abingdon 30, ndipo pali kalata yolamula Æthelwig uja wa ku Evesham kuti abwere ndi asanu ake. Ku Ely mkulu wa amonke poyamba ankasunga asilikali ake m'nyumba momwemo n'kumawadyetsa, mpaka anatopa nawo nawagawira minda. Ku Abingdon anapatsidwa minda ya amuna amene anafera pa Hastings. Popeza malo anali a mbuye, mwini akamwalira mwana ankalipira kuti alowe, mwana akakhala wamng'ono mbuye ankadya zokolola mpaka akule, ndipo mkazi wamasiye kapena mwana wamkazi wolowa chuma ankakwatiwa ndi amene mbuye wasankha, nthawi zambiri amene wapereka ndalama zambiri. Pang'onopang'ono mwambo woti mwana wamwamuna woyamba atenge zonse unakhazikika, kuti malo a msilikali asagawike.

Dongosolo limeneli ndi limene mabuku a sukulu amalitchula feudalism ndi kulijambula ngati makwerero, mfumu pamwamba, alimi pansi. Liwulo William sanalimvepo, linapangidwa patapita zaka mazana ambiri, ndipo akatswiri monga Elizabeth Brown mu 1974 ndi Susan Reynolds mu 1994 anachenjeza kuti limaika dongosolo pamene panali chipwirikiti. Ku Normandy komweko zinthu sizinali zolongosoka chotero, ndipo manambala a asilikali a nduna zambiri timawadziwa kuchokera pa kafukufuku wa 1166, patatha zaka 100. Ine ndimaona kuti William sanabwere ndi pulani m'thumba. Anapeza mwayi umene mfumu ina iliyonse ya ku Ulaya inalibe, wogawa dziko lonse mwatsopano m'zaka zochepa, ndipo aliyense wolandira ankadziwa dzanja limene lamupatsa.

Makina a boma sanawagumule, chifukwa anali abwino kuposa a kwawo. England inali yogawidwa kale m'zigawo zotchedwa shire, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi timagawo totchedwa hundred tokhala ndi bwalo la milandu lokumana pafupipafupi. Inali ndi ndalama ya siliva imodzi dziko lonse, msonkho wa malo wotoleredwa mpaka kumudzi, ndi makalata achidule a mfumu okhala ndi chidindo. Zonsezi zinapitirira, koma zinagwidwa ndi manja olemera. Mu 1084 msonkho unafika mashiling'i 6 pa hide iliyonse. Udindo wa sherifu, woimira mfumu m'chigawo, unali wa Chingelezi, koma tsopano unapatsidwa kwa alendo okhala ndi linga ndi asilikali. Amonke a ku Ely anamutcha Picot, sherifu wa Cambridge, mkango wanjala, mmbulu wolusa, nkhumba yauve ndi galu wopanda manyazi. Amonkewo anali ndi mlandu naye wa malo, ndiye mawu awo tiwamve tikudziwa zimenezo, koma kaundula wa mfumu yemwe amasonyeza anthu a mu Cambridge akudandaula kuti Picot anawalanda malo odyetsera ziweto. Ku Worcester sherifu Urse anakumba ngalande ya linga lake mpaka kudula manda a amonke.

Alendowo akayambana okhaokha ankathamangira ku malamulo a anthu amene anawagonjetsa. M'zaka za m'ma 1070, Lanfranc anasumira Odo kuti walanda malo a tchalitchi cha Canterbury, ndipo bwalo la chigawo cha Kent linakhala masiku atatu pa Penenden Heath. Mfumu inalamula kuti Æthelric, bishopu wokalamba wa Chingelezi amene anali atachotsedwa pa udindo, abweretsedwe pa ngolo kuti adzafotokoze miyambo yakale ya dziko. Nkhalambayo inali itataya mpando wake, koma chimene inkadziwa chinali chofunikabe, ndipo Lanfranc anapambana.

Zatsopano m'malamulo zinali zochepa koma zoluma. Mlendo akapezeka ataphedwa ndipo wakupha sanagwidwe, hundred yonse inkalipira chindapusa cha ma mark 46, ndalama zokwanira kusaukitsa midzi ingapo, pokhapokha anthu atatsimikiza kuti wakufayo anali Mngelezi. Lamuloli linakhalapo mpaka 1340. Angelezi ankadziwa kale kuyesa wolakwa pomugwiritsa chitsulo chamoto kapena kumuponya m'madzi, mofanana ndi mmene mwavi unkagwirira ntchito kwathu kuno, koma alendo anawonjezera kuweruza mwa ndewu, wosuma ndi wosumiridwa kumenyana mpaka wina agonje. Njira imeneyi inaiwalika m'mabuku osafafanizidwa, mpaka munthu wina anaipempha mu 1818 ndipo nyumba ya malamulo inaithetsa chaka chotsatira. William analamulanso kuti milandu yauzimu ichoke m'bwalo la hundred ipite kwa mabishopu, chimene chinabala mabwalo a mpingo ndi mikangano imene inadzaphetsa Thomas Becket, bishopu wamkulu wa Canterbury, mu 1170. Koma lamulo limene anthu wamba analimva kuwawa kwambiri linali la nkhalango. Nkhalango pano sikutanthauza mitengo, koma dera lililonse, ngakhale la midzi ndi minda, limene mfumu yalipatula kuti izisakako. Mmonke wa ku Peterborough analemba kuti wopha gwape ankakolowoledwa maso, nguluwe ndi akalulu nazo zinatetezedwa, ndipo mfumu inkakonda agwape ngati kuti inali bambo wawo. Ana ake awiri, Richard ndi William Rufus, anafera pa ulenje mu New Forest imene iye anapatula, ndipo alembi a nthawiyo sanachedwe kunena kuti chinali chilango.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingawamane alendowa. England ya Edward inali ndi akapolo, pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse olembedwa mu kaundula, ndipo ku Bristol anthu ankamangidwa zingwe n'kugulitsidwa ku Ireland. Wulfstan wa ku Worcester, bishopu wa Chingelezi amene anakhalitsa pa udindo kuposa anzake onse, ankapita kukalalikira kumeneko motsutsa malondawo, Lanfranc anakakamiza mfumu kuwaletsa, ndipo msonkhano wa mpingo wa 1102 unaletsa kugulitsa anthu ngati nyama. M'mibadwo yochepa ukapolo unatha. Koma pamene apansi ankakwera pang'ono, apakati ankatsika. Ku Cambridgeshire alimi aufulu amene analipo pafupifupi 900 mu 1066 anatsala 200 ndi owerengeka pofika 1086. Akapolo akale ndi mfulu zakale anakumana pakati, m'gulu la alimi omangika ku munda wa mbuye, olima kwa mbuye masiku angapo pa sabata asanagwire khasu m'munda mwawo.

Chidindo cha zonsezi chinadindidwa mu 1086. Chaka cha 1085 Cnut wina, mfumu ya Denmark, ankakonza zombo zoti adzalande England, ndipo William anabweretsa asilikali aganyu ochuluka nawagawa kwa nduna zake kuti ziwadyetse. Pa Khirisimasi ku Gloucester anakambirana mozama ndi aphungu ake, kenako anatumiza nthumwi m'zigawo. M'bwalo lililonse munkabwera sherifu, nduna, anthu a hundred, ndiponso wansembe, kapitawo ndi alimi 6 ochokera m'mudzi uliwonse, onse olumbira. Mafunso anali amodzimodzi: dzina la malo, anali a yani m'masiku a Edward, ndi a yani tsopano, mapulawo angati, alimi angati, akapolo angati, nkhalango, madambo, zigayo za madzi, maiwe a nsomba, ndi mtengo wake kale ndi lero. Ku Cambridgeshire mayina a olumbira anasungidwa, ndipo theka anali Angelezi, theka alendo. Ganizirani mlimi ataima pamaso pa mbuye wake watsopano, akufunsidwa pa lumbiro kuti mundawu unali wa yani kale. Ena anayankha mosaopa, n'chifukwa chake bukuli ladzaza ndi madandaulo, poti mlandu suwola. Mmonke wa Chronicle analemba mokhumudwa kuti n'zochititsa manyazi kunena, ngakhale mfumu sinachite manyazi kuchita, kuti panalibe ng'ombe kapena nkhumba imene inasiyidwa osalembedwa.

Malo oposa 13,000 analowa m'bukuli, ngakhale London, Winchester ndi kumpoto kwenikweni mulibe. Cholinga chake akatswiri amakanganabe. Ena amati linali la msonkho. Ena amaona mmene linasanjidwira, chigawo ndi chigawo, ndipo m'kati mwake nduna ndi nduna osati mudzi ndi mudzi, n'kunena kuti wotolera msonkho silikanamuthandiza kwenikweni, koma mfumu yofuna kudziwa chuma cha nduna imene yamwalira kapena yaukira. Mfundo yachiwiriyi imandikhutiritsa, makamaka tikaiika pambali pa zimene zinachitika pa 1 Ogasiti 1086 ku Salisbury, pamene eni malo onse odziwika, kaya anali anthu a nduna iti, anagwadira William ndi kulumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa iye kuposa kwa wina aliyense. Nduna zinalandira umboni wolembedwa wa malo amene zinatenga, mfumu inalandira lumbiro. M'buku lonselo Harold amatchedwa nduna chabe, ndipo nthawi imawerengedwa kuchokera tsiku limene Edward anali moyo ndi kumwalira. Patatha pafupifupi zaka 90, Richard fitz Nigel, msungichuma wa mfumu, analemba kuti eni dziko ankalitcha Domesday, tsiku la chiweruzo, chifukwa chigamulo chake chinalibe apilo. Likusungidwa ku National Archives ku Kew.

Zotsatira zake zinayenda ulendo wautali. Henry I, mwana wa William, polowa ufumu mu 1100 analonjeza kubwezeretsa malamulo a Edward. Henry II anatumiza oweruza oyendayenda ndi kukhazikitsa njira yoti munthu waufulu wolandidwa malo asume kwa mfumu, anthu 12 a m'deralo alumbire zimene akudziwa, ndipo m'menemo munakula malamulo amodzi a dziko lonse. Magna Carta ya 1215, imene anthu amaitamanda ngati mayi wa ufulu, mbali yake yoyambirira ndi madandaulo a zidzukulu za alendo aja pa zingwe za William: mwana wa nduna alipire mapaundi 100 basi polowa malo, mkazi wamasiye asakakamizidwe kukwatiwa. Kugwira malo posinthana ndi usilikali kunathetsedwa mu 1660, koma mpaka lero m'malamulo a England mwini nthaka weniweni ndi mpando wachifumu, ndipo wogula nyumba amagula ufulu wogwira malowo.

Ulendowo unafika ndi kwathu kuno. Lamulo la Britain la 1902 linabweretsa malamulo a England m'makhoti a dziko limene linadzatchedwa Nyasaland, ndipo mawu onga freehold, lizi ndi masherifu amene timawamva lero anadzera njira imeneyo. Sindikunena kuti Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno, popereka zikalata za malo kwa azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 ankatsanzira William. Nthawi ndi zifukwa zinali zosiyana. Koma munthu amene agogo ake anagwira thangata ku Thyolo kapena ku Magomero, pa nthaka imene makolo awo anaikidwamo, sangawerenge za Ailric wa ku Marsh Gibbon ngati nkhani yachilendo.

William anavulala pa nkhondo ku Mantes mu Julayi 1087 ndipo anamwalira ku Rouen pa 9 Seputembala. Orderic akuti akuluakulu anathamangira kukateteza chuma chawo, antchito anatenga zida, mbale ndi nsalu, mtembo n'kuusiya pansi pafupifupi wamaliseche, mpaka msilikali wina wamba analipira yekha kuti upite ku Caen, ku tchalitchi cha Saint-Étienne chimene William anamanga. Bishopu atatha kulalikira ndi kupempha kuti aliyense amene malemu anamulakwira amukhululukire, munthu wina dzina lake Ascelin, mwana wa Arthur, anaimirira. Sanali Mngelezi, anali wa ku Caen komweko. Anati pamene mwaimapa panali pabwalo pa nyumba ya bambo anga, munthu mukumupemphererayu anawalanda mwankhanza, ndipo m'dzina la Mulungu ndikuletsa kuti akwiriridwe ndi dothi langa. Mwambo unaima. Mabishopu anafunsa anansi, ndipo anansiwo anachitira umboni kuti akunena zoona. Mmonke wina wolemba mbiri, William wa ku Malmesbury, akuti Henry, mwana wa malemu, analamula kuti apatsidwe mapaundi 100 a siliva. Orderic akuti anamupatsa mashiling'i 60 pomwepo a malo a manda okha, namulonjeza kuti za malo otsalawo adzalipidwa pambuyo, ndipo maliro anapitirira.